Paipi Yaitali ya Che Lajabu

Ku Biwi, pakati pa owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zipangizo za magalimoto akufa, pali kashedi kamalata komwe Che Lajabu Mtila akonzera mafiriji kwa zaka zoposa makumi awiri. Pakashedipo sipanakhalepo chikwangwani. Wofuna Che Lajabu ankangofunsa, ndipo wina aliyense ankamulozera.

Kwawo ndi ku Machinga. Sukulu analekera Sitandade 4, ndipo ku Lilongwe anabwera ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, thumba limodzi m'manja. Anapeza ntchito yosesa m'makonde pa hotela ina mumzinda. Pahotelapo panali mmisiri wachikulire woyang'anira mafiriji ndi maeyakoni, makina aja oziziritsa m'zipinda. Mmisiriyo sankakonda kufotokoza. Ankangogwira ntchito yake, ndipo wofuna kudziwa ankayenera kuyang'ana. Che Lajabu anayang'ana zaka zisanu ndi ziwiri. Anaphunzira kutsuka masefa, kumvetsera kulira kwa kompuresa n'kudziwa ngati yatopa, ndiponso kufufuza pothawira gasi popaka thovu la sopo pa mfundo zonse za mapaipi mpaka pena pafufume. Hotelayo itasintha eni ake, iwo anatenga zipangizo zomwe anali atagula chimodzichimodzi n'kutsikira ku Biwi.

Pa ntchito imeneyi pali chinyengo chodziwika. Firiji ikasiya kuzizira, ambiri amangothira gasi. Mwini wake amasangalala, pakatha miyezi itatu gasi uja wathawanso, mmisiri amaitanidwanso. Che Lajabu sankathira gasi asanapeze pothawira. Ankatha tsiku lonse atagwada kuseri kwa firiji imodzi, sopo m'manja, mwini firiji akung'ung'udza pambali. Mawondo awo anauma ndi kugwada kumeneko, ndipo nsonga za zala zinachita zipsera ndi kuzizira kwa gasi. Ena ankawanena kuti ndi ochedwa. Koma m'Biwi monse, ndi ku Kawale komwe ankakhala ndi akazi awo a Hanifa, anthu ankagwirizana pa mawu amodzi: ntchito ya Che Lajabu sibwerera. Galimoto analibe, pepala la sukulu ya ntchito analibe, nyumba inali ya lendi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Salama, anakwatiwa ku Mangochi. Chuma chawo chonse chinali mawu amenewo.

Zaka zaposachedwapa mawuwo anayamba kuchepa mphamvu. Kunabwera makina atsopano okhala ndi kabodi kamagetsi mkati, kodzaza tinthu ting'onoting'ono tomwe maso a Che Lajabu sankationanso bwino. Kunabwera amisiri a magalimoto olembedwa mayina m'mbali, odziwa kudzitsatsa pafoni. Iwo anatsala ndi mafiriji a mabutchala awiri atatu ndi a amayi ogulitsa mafirizesi. Sankadandaula pagulu. Ankafika pashedi m'mawa, kupukuta mageji awo oyezera gasi, n'kudikira.

Mwezi wa Novembala, dzuwa likuwotcha mvula isanagwe, kunafika mayi wina wachikulire atavala chitenje cha mpingo. Anati ndi mayi Msampha a ku Area 25. Amuna awo, a Gilford, anali dalaivala wa malole, koma anagwidwa sitiroko zaka ziwiri zapitazo ndipo mbali yakumanja inafa. Ankangogona. Nyengo yotentha thukuta linkawanyowetsa kumsana mpaka kutuluka zilonda. Mwana wawo Andrew, wogwira ntchito ku Joni, anali atatumiza eyakoni pa lole, ndipo inali m'makatoni pabalaza.

"Andrew amafuna ndiitane a magalimoto aja," anatero mayiwo. "Koma ine ndafunsafunsa. Anthu atatu ndawafunsa, onse atchula inu."

A Zebedee, owotcherera zitsulo pafupi ndi shedi, anakweza chotchinga chawo cha kumaso. "Amayi, munthu mwamupeza, koma konzani nkhomaliro ndi chakudya chamadzulo chomwe. Awa msomali umodzi amaukhoma ngati akumanga mzikiti."

"Mageti anu aja akugwa ndi mphepo, a Zebedee. Yang'anani kwanu," anayankha Che Lajabu osatembenuka.

M'mawa mwake anakwera minibasi ziwiri, chikwama cha zipangizo pamiyendo. Ntchito inatengadi tsiku lonse. Anaboola khoma bowo lopendekera kunja, anakoloweka chigawo chamkati pamwamba kumutu kwa bedi, chakunja anachikhazika pazitsulo. Analumikiza mapaipi amkuwa, anapopa mpweya wonse kuuchotsa, n'kupaka sopo mfundo iliyonse kawiri. Potsiriza anaika paipi yamadzi. Eyakoni ikamaziziritsa imakoka madzi mumpweya, ndipo madziwo ayenera kutulukira panja. Ku hotela kuja lamulo linali lakuti mlendo asaone dontho pakhoma, choncho paipi inkatsika mpaka pansi n'kulowa m'ngalande. Che Lajabu anachita chimodzimodzi. Anaitsitsa motsatira khoma, mapeto ake n'kuwasiya atagona m'kangalande ka madzi amvula kuseri kwa nyumba.

Atayatsa, mphepo yozizira inatsikira pa a Gilford. Bamboyo anatsinzina, kenaka analankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa, mawu akutuluka movutika. Akazi awo ndiwo anamasulira. "Akuti mwawabweretsera mwezi wa Juni m'chipinda."

Powaperekeza, mayi Msampha anaima kuseri kuja n'kuyang'ana madzi akudontha m'ngalande.

"Madzi amenewa ndi oipa?"

"Ndi oyera, amayi, koma osamwa. Mvula ikayamba adzachuluka."

Che Lajabu ananyamula chikwama chawo. Dzuwa linali litapendeka ndipo ankathamangira minibasi.

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. Pofika Januwale mpweya unali wolemera ndi chinyezi. Zovala zinkakhala pachingwe masiku awiri osauma, mchere unkanyowa m'botolo, machesi ankakana kuyaka. Ndipo monga zimakhalira mumzinda muno, madzi ankasefukira m'misewu pomwe m'mipopi munali mouma. Ku Area 25 ankatha masiku atatu mpopi ukungotulutsa mpweya.

Ndi nthawi imeneyo pomwe mayi Msampha anaimba foni. Khoma la kumutu kwa bedi linali lonyowa, ndipo m'mawa ankapeza madzi akudontha kuchokera m'makina. Che Lajabu anafika masana. Anatsegula, anatsuka masefa, anathira madzi m'kambale kamkati kolandira madontho, ndipo madziwo anatuluka bwinobwino m'ngalande. Vuto sanalipeze. Patatha sabata anaitanidwanso. Anayesa ngati makina apendekeka, anauzira mpweya m'paipi ndi pakamwa, zonse zinali m'malo mwake. Koma kuseri kwa bedi khoma linali litada ndi chuku, m'chipinda munkanunkha ngati m'thumba la chimanga chonyowa, ndipo a Gilford anali ndi chifuwa chomwe chinkawagwedeza thupi lonse.

Kunyumba Che Lajabu anasiya kudya bwino. Aka kanali koyamba kuti ntchito yawo ibwerere kawiri.

"Bambo a Salama, mwina ndi makinawo," anatero a Hanifa. "Za ku Joni si zonse zabwino."

"Makina alibe mlandu. Ndawamvetsera."

"Nanga ndi chiyani?"

"Ndikanadziwa sindikanakhala pano."

Ulendo wachitatu sanadikire kuitanidwa. Atachoka kumzikiti ku swala ya m'mawa analunjika pasiteji, ndipo anafika ku Area 25 anthu akusesa pabwalo. Sanagogode. Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuima.

Paipi sinali m'ngalande. Inali itanyamulidwa, kukwezedwa pamlomo pa chidebe chachikulu, mapeto ake atamira mpaka pansi. Chidebecho chinali chodzaza. M'paipi yotero madzi sangayende. Ayenera kukwera m'mwamba, ndipo akafika kumapeto amapeza madzi anzawo atatseka njira, ndiye amabwerera komwe achokera n'kusefukira m'chipinda.

Mayi Msampha anatulukira atanyamula mashiti oti achape. Ataona komwe Che Lajabu ankayang'ana, anaima.

"Chidebechi mumachiika liti, amayi?"

"Madzulo. M'mawa ndimachichotsa kuti ndichapire, paipi ndimaibweza pomwe munaisiya. Munati madziwa ndi oyera."

"Ndinatero."

"Abambowa ndimawasambitsa kawiri patsiku. Mashiti ndimachapa tsiku lililonse. Kukiyosiki ya madzi n'kutali, pamzere pamatha maola awiri, ndipo sindingawasiye okha. Ndinaona madzi akungotayika." Anayang'ananso paipi ija. Anaika mashiti pansi pang'onopang'ono. "Ndi chidebechi?"

"Ndi chidebechi."

"Chifuwa chija nachonso?"

"Za chifuwa ine sindidziwa, amayi. Ndimadziwa za khoma."

Mayiwo anakhala panjerwa. Anafotokoza, maso ali pansi, kuti Andrew wakhala akunena kuti iwo akalamba ndipo sangathenso kusamala wodwala. Alongo ake a Gilford ku Dowa akhala akufuna kudzawatenga kuti akawasamale kumudzi kwawo, ndipo Andrew anali atayamba kugwirizana nawo.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala nawo. Akangomva kuti wanyowetsa khoma ndine, Loweruka lomwe lino galimoto ibwera." Sanapemphe kuti Che Lajabu aname. Anangofunsa kuti, "Mumuuza chiyani?"

Che Lajabu anatsegula chikwama chawo. Anatulutsa mpeni, anadula paipi pofika m'chiuno, n'kuikhomera kukhoma kuti izilozera pansi. Anakankhira chidebe pansi pake. Madzi omwe anali atatsekeredwa anatuluka mwamphamvu, kenaka anayamba kudontha mwadongosolo kuchokera pamwamba. Ntchito yonse sinakwane mphindi khumi.

"Tsopano tungani mmene mungafunire. Chachikulu, mlomo wa paipi usakhudze madzi. Bedi tilisunthe, khoma mulitsuke ndi mankhwala oyeretsera zovala, ndipo masana zenera lizikhala lotsegula."

Akusuntha bedi, foni ya mayiwo inalira. Anali Andrew, pa vidiyo, ali mu ovololo ya kuntchito. Atamva kuti mmisiri ali pomwepo, anati awapatse foniyo.

"Madala, uwu ndi ulendo wachitatu. Bambo anga akutsokomola osapuma. Tandiuzani osazungulira. Vuto ndi makina, kapena ndi ndani?"

Mayi Msampha anali ataima pakhomo la chipinda, manja atawabisa m'chitenje. A Gilford ankayang'ana kudenga.

"Makina ali bwino," anatero Che Lajabu. "Paipi yamadzi ndinaisiya yaitali. Ndaidula lero. Sizichitikanso."

"Ndiye kuti munalakwitsa ndinu."

"Ndinalakwitsa."

"Mwamva, amayi? Ndinakuuzani muitane anthu odziwa ntchito. Madala, ndikulemekezani chifukwa cha imvi, koma musadzapondenso pakhomopo."

Che Lajabu sananame. Zaka zonsezi akhala ku Kawale, komwe mvula ikagwa a Hanifa amatchera beseni pansi pa malata. Ankadziwa bwino kuti m'makomboni muno madzi oyera saponyedwa m'ngalande. Mayi anawafunsa ngati madziwo ndi abwino, iwo anayankha mwachidule n'kuthamangira minibasi. Anaika paipi ya ku hotela panyumba ya munthu wosowa madzi. Kumeneko kunali kulakwitsa, ndipo kunali kwawo. Koma sichinali choonadi chonse, ndipo anakwera minibasi akudziwa zimenezo.

A Hanifa atamva nkhani yonse anasiya kupeta mpunga.

"Ndiye mwasenza chidebe cha eni ake?"

"Ndanena zomwe ndinachita ine. Zomwe anachita iwo anene okha."

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti sananene."

"Bambo a Salama, inu mudzafa ndi ulemu wanu. Ife tidzafa ndi njala."

Andrew analemba pagulu la pafoni la anthu a mdera lakwawo, kuwachenjeza za mdala wina wa ku Biwi, dzina lomwe n'kulitchula. Nkhani inachoka pafoni kupita pafoni, ndipo pofika ku Biwi inali itanenepa. Ena ankati makina anaphulika. Ena ankati Che Lajabu anathiramo gasi wophikira. Panali ena otsimikiza kuti wodwalayo anamwalira tsiku lomwelo. Butchala wina wa ku Kawale, yemwe firiji yake Che Lajabu anaisamala zaka khumi, anaikweza pangolo kupita nayo kwa Fahad, mmisiri wa galimoto yoyera. Njira inali imodzi yokha, yodutsa pamaso pa shedi. Anadutsa nkhope atatembenuzira kwina.

A Zebedee nthabwala anazisiya kwa masiku angapo. Tsiku lina anazimitsa makina awo n'kudzakhala pa firiji yakufa.

"Che Lajabu, ine izi sindikuzimvetsa. Munthu wochedwa ngati inu nthawi yolakwitsa mumaipeza kuti? Pali chomwe simukunena."

"Geti lanu likudikira, a Zebedee."

"Ndiuzeni ine, ndikalalikire m'minibasi. Mawu ndili nawo."

"Paipi inali yaitali. Kalalikireni zimenezo."

Ku Area 25 khoma linauma, koma chifuwa sichinathe. A Gilford anagonekedwa kuchipatala masabata awiri, anabwerera kunyumba, ndipo mu Epulo anamwalira pabedi pawo, akazi awo ali pambali. Kuchipatala anati chinali chibayo, chomwe chimatenga ambiri ogona pabedi nthawi yaitali. Ngati chuku chija chinathandizira, palibe angadziwe. Galimoto ya ku Dowa sinabwere kudzawatenga amoyo. Inabwera kudzatenga maliro. Che Lajabu anamva atayikidwa kale.

Kumapeto kwa Meyi, mphepo itayamba kuluma, nthawi yomwe ntchito yoziziritsa imafa yokha, mayi Msampha anafika ku Biwi atavala zakuda. Anapeza theka la shedi litadzaza zitsulo za a Zebedee. Che Lajabu anali atawapatsa malowo, poti panalibenso mafiriji oimikapo. Iwo anali pakona, akukonza ayironi.

"Pepani ndi maliro, amayi. Ndinamva mochedwa."

"Zinachitika." Mayiwo anakhala pabenchi. "Andrew wati makina aja agulitsidwe. Wati ndiitane a Fahad adzachotse. Ine ndabwera kuno."

"Mwana wanu anandiletsa pakhomo panu."

"Pakhomo ndi panga." Anakonza mpango kumutu. "Ndinamuuza, Che Lajabu. Titachoka kumanda ndinamukhazika pansi, ndinamuuza za chidebe."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Amayi, zinapita zimenezo, musadzivutitse.' Ndinati alembe pafoni paja kuti anthu adziwe. Anati alemba. Wabwerera ku Joni, sanalembe. Ine zapafoni sinditha, koma pakamwa ndili napo. Lachinayi ndiimirira pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinene zonse."

Che Lajabu anaika ayironi pansi. Mtima unafuna kuti mayiyo anene. Miyezi inayi anali atakhala akuyembekeza mawu amenewa kuchokera kwa wina aliyense. Koma ankadziwa mmene nkhani imayendera, poti anali atangoiona ikuyenda. Ikatuluka m'tchalitchi ili nkhani ya chidebe, ikafika ku Dowa ili nkhani ya mkazi wopha mwamuna wake. Panja makina a a Zebedee ankalira.

"Musanene, amayi."

"Nanga dzina lanu?"

"Alamu anu ku Dowa akamva, simudzapondakonso pamanda a amuna anu. Munawasamala mpaka tsiku lomaliza. Zikhale choncho."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anavomera ndi mutu.

M'mawa mwake Che Lajabu anapita ku Area 25. M'chipinda muja munalibenso bedi, munali matumba awiri a chimanga ochokera kumaliro. Anayatsa makina komaliza, anabweza gasi yense m'chigawo chakunja n'kutseka, kuti wogula asadzavutike kuthira wina. Anamasula mapaipi, anatseka milomo yake kuti musalowe fumbi, anapukuta zonse n'kuziika m'makatoni. Bowo la pakhoma analitseka ndi simenti, ngakhale panalibe amene anawatuma. Mayi Msampha anaphika tiyi, ndipo anamwa atakhala pakhonde.

Akunyamula chikwama, mayiwo anati adikire pang'ono. Oyandikana nawo nyumba firiji yawo inali itasiya kuzizira kuyambira sabata yatha, ndipo iwo anali atawauza kuti mmisiri weniweni abwera lero. Anapita pampanda n'kuitana. Mayi wa nyumba inayo anatuluka, manja ali ndi thovu la zochapa. Anapereka moni mwaulemu, anayang'ana Che Lajabu, anayang'ana chikwama chawo, kenaka anafunsa chapansipansi ngati awa ndi a ku Biwi aja.

"Ndi omwewo," anatero mayi Msampha. "Ntchito amaidziwa. Ndikukuuzani ine."

"Zikomo, amayi. Kungoti abambo kunyumba kuno apangana kale ndi ena."

Che Lajabu anagwedeza mutu. Anatsanzika amayi onse awiri, anakoloweka chikwama paphewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kusiteji.